Mlendo wa a Zelifa Salipira

Blantyre, 9 Febuluwale 2003

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine kuno ndili bwino, kungoti nyemba za pakoleji pano zafika pondikwana. Chimanga chili bwanji kumunda?

Amayi, khalani kaye pansi musanapitirize kuwerenga, chifukwa ndikudziwa kuti museka. Mu Julaye ndikumaliza maphunziro anga a zokopa alendo, ndipo hotela ina ya ku Lilongwe yandilonjeza kale ntchito. Koma ine sindikufuna kukakalambira ku Lilongwe ndikupinda matawulo a eni ake. Ndikufuna kubwerera kwathu.

Anthu a m'tauni muno ndi otopa, amayi. Wina magazi akuthamanga, wina shuga, wina tulo sakuona. Ndalama ali nazo, chimene akusowa ndi malo opumirako mtima. Ndiye ndaganiza kuti timange tinyumba titatu taudzu pamunda wa agogo uja, m'mbali mwa mtsinje. M'mawa azikwera phiri, masana azisamba padziwe, madzulo muziwafukiza nthunzi ya bulugamu ndi mpungabwi monga munkatichitira ife tikagwidwa chimfine. Azidya zakwathu, makaka ndi kalongonda. Ndipo azilipira.

Vuto ndi mpamba. Kubanki ndinapita. Bambo wa kumeneko anafunsa chikole, nditatchula munda wa agogo anafunsa pepala lake, ine n'kungotsanzika. Koma pali bungwe lina limene limapereka mpamba kwa ophunzira omaliza, ndipo likhala pansi kumapeto kwa Juni. Iwo safuna chikole. Akufuna umboni woti alipo anthu amene analipiradi kuti akapume kumudzi. Ndapeza anamwino anayi a pachipatala china muno amene avomera kubwera pa Pasaka. Adzagone m'nyumba mwanu, ndalama mudzalandire, ndipo mudzawalembere malisiti m'kabuku kamene ndaika m'kalata muno. Popanda malisitiwo mpamba sindiuona, ndipo ndiye kuti wa ku Lilongwe basi.

Mundiyankhe msanga. Moni kwa mai Dyson ndi onse.

Ndine mwana wanu,
Chikhulupiliro

*

Kumudzi, kudzera pa Chiringa, 2 Malichi 2003

Mwana wanga Chikhu,

Moni. Ife kuno tili bwino, bondo ndiye lake lomwe lija. Chimanga chaka chino chikulonjeza, Mulungu akatisungira mvula.

Kuseka ndinasekadi, mpaka mai Dyson anadumpha mpanda kudzaona ngati ndapenga. Nditawawerengera, tinakhala opengawo awiri. Phiri lomweli timakwera ndi nkhwangwa n'kutsika ndi mtolo pamutu, palibe anatipatsapo ngakhale tambala imodzi, lero munthu achoke ku Blantyre kudzalikwera chimanjamanja, alipirenso? Nanga kalongonda? Chaka chatha tinkamudya chifukwa cha njala, kuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti asatiledzeretse. Ameneyo ndiye wasanduka chakudya cha mabwana?

Komabe mutu wakowo ndimaudziwa. Uli ku pulayimale unkandigulitsa mango a mumtengo mwanga momwe, ine mwini wake n'kumagula. Ukati chinthu chitheka, ine ndasiya kutsutsa.

Alendo akowo abwere. Pakhomo pano sipanabwezepo munthu. Za munda ulembere amalume ako a Stafford ku Joni, ndiwo eni mbumba, ine sindingadule ndekha. Ukapeza wobwera kuno unditumizireko mankhwala opaka aja ndi kashuga.

Amayi ako,
Zelifa

*

Blantyre, 10 Epulo 2003

Amayi,

Moni wa changu. Zandivuta: kuhotela kumene ndikuphunzirira ntchito akana kundimasula pa Pasaka, ndiye alendo abwera okha. Wamkulu wawo ndi mai Rozaria Makina, oyang'anira wodi. Adzatsika pa Chiringa Lachisanu Loyera, anyamata a njinga adzawafikitse. Zonse zili m'manja mwanu. Kabuku kaja musaiwale. Amalume ndinawalembera kalekale koma kuli zii.

Chikhu

*

Kumudzi, 24 Epulo 2003

Chikhu mwana wanga,

Moni. Tadzuka bwino. Alendo ako anabwera ndipo apita, tsono tchera khutu.

Anafika masana, atatuwa ndi fumbi la m'njira. Mai Makina aja potsika njinga miyendo inali yotupa ngati maungu. Nditawayang'ana m'maso ndinadziwa kuti munthuyu wasenza zambiri. Zako zokwera phiri ndinaziika kaye padera. Ndinawayalira mphasa patsinde pa mango, ndipo anagona mpaka nkhuku kulowa m'khola. Kuphiri kunapita atsikana atatu aja ndi mai Dyson, anakafika mpaka pamathithi. Popita ankadandaula za nsapato, pobwera ankaimba nyimbo za kwaya.

Loweruka dzuwa litapendeka ndinawiritsa masamba aja, n'kuwafunditsa mai Makina bulangeti pamphika. Posakhalitsa ndikumva munthu akulira m'katimo. Ndimayesa nthunzi yawaotcha, koma ayi. Atavundukula anati, "Mai, chaka chino ndatseka maso a anthu ambiri kuposa amene ndawatulutsa m'wodi akuyenda okha. Ambiri ndi ana a msinkhu wa mwana wanu uja. Sindinalirepo, nthawi yake ndinalibe." Ndinangotenga mafuta a nsatsi n'kuyamba kuwatikita mapazi. Kuchokera pamenepo za mai Makina zinatha, tsopano ndi a Rozaria, mnzanga.

Kalongonda anatha yense mpaka kupala mphika, ndipo wina anafunsa ngati alipo wotengera. Unanena zoona, mwana iwe. Ndakutayira kamtengo.

Lolemba potsanzika a Rozaria anatulutsa envulopu. Ndinaibweza m'chikwama mwawo ndi dzanja langali. Anakakamira, inenso ndinakakamira, mpaka anyamata a njinga anayamba kuliza mabelu. Munthu walira pamphasa panga, wadya m'mbale mwanga, ndiye ndimutambasulire dzanja pachipata? Ndinawapatsa mpunga wa kuchigwa, mapeyala, ndi tambala wofiira uja ankatidzutsa. Kabuku kako kali bwinobwino m'sutikesi, sikanade n'komwe.

A Rozaria alonjeza kubweranso mu Juni. Ndine wosangalala kwambiri.

Amayi ako,
Zelifa

*

Blantyre, 3 Meyi 2003

Amayi,

Moni ndapereka, koma mtima wanga suli m'malo.

Mwandigwetsa, amayi. Ndinakulemberani momveka bwino kuti ndalama mulandire. Poyankha munanena za mango, za shuga, za bondo, koma za ndalama munadumpha, ine n'kumayesa kuti mwavomera. Mukadangondiuza kuti simungathe, ndikadapempha mai Dyson. Mukudziwa mmene ndinayendera m'zipatala ndi m'maofesi kunyengerera anthu kuti ayese kwathu? Ambiri ankandiseka kuti ku Phalombe kuli chiyani koposa fumbi. Anayi okhawa ndi amene anandikhulupirira, ndipo Pasaka wina kulibe Juni asanafike.

Tsono kubungwe kuja ndikanene chiyani? Kuti alendo anasangalala kwambiri ndipo anapatsidwa tambala? Akufuna kuona kuti malowa angadzidyetse okha, inu mwaonetsa kuti mlendo aliyense adzatichotsera nkhuku m'khola.

Ulemu wanuwo sumanga nyumba, amayi. Mtima umenewu ndi umene udzatisiye osauka mpaka kumanda. Bambo akadakhala moyo akadandimvetsa.

Chikhulupiliro

*

Joni, 30 Meyi 2003

Chikhulupiliro, mwana wa mlongo wanga,

Moni kuchokera kuno kozizira. Ine ndili bwino, mafupa okha ndiwo ayamba kufunsa za kwathu. Kalata yako ya mu Malichi yandipeza sabata yatha. Dalaivala wa thiraki amene unamupatsira anayenda nayo mpaka ku Beira, ndipo yafika ikununkha dizilo.

Maganizo akowa ndi anzeru, ndipo wondiuza sindikumufuna. Kumene ndimasamalira maluwa kuno ndi malo oterowo. Azungu amalipira marandi ambirimbiri kuti awapake matope kumaso. Matope, Chikhu! Omwe aja timazirira pansi kwathu. Ndimati ndikaona ndimaganiza za dziwe lathu lija ndi mphepo yotsika m'phiri, koma nzeru yoti tingapangepo kanthu sinandifikepo pa zaka zonsezi. Yafikira iwe, ndipo ndanyadira. Munda ndi wa mbumba, mbumbayo ndiwe. Manga. Ndalama zokha ndilibe, zonse zinapita ku chimanga cha njala ija.

Tsopano ina. Sabata yomweyo ndinalandiranso envulopu yochokera kwa amayi ako. M'kati mwake munali kalata yako ya pa 3 Meyi yokha, osaonjezerapo ngakhale moni. Ndaiwerenga, ndipo ndachita manyazi m'malo mwako.

Napolo wa 1991 ukumukumbukira, unali kale pasukulu. Ukudziwa kuti anakokolola nyumba, ndipo bambo ako a Howard sanapezeke. Ukukumbukiranso kuti munakakhala pa Chiringa kwa mai Alesi mpaka kukolola kwa chaka chinacho. Iwe unkawaitana kuti azakhali. Sanali abale athu, Chikhu. Anakutolani pamsewu, amayi ako ali ndi chitenje chimodzi, iwe uli kumbuyo ngakhale unali utakula kale.

Ine nditafika kuchokera kuno ndi tindalama tachipepeso, amayi ako anatenga tindalama tonseto kukapereka kwa mai aja. Ndinalipo. Mai Alesi anamwaza tindalamato pabwalo nati, "Mwandiyesa resitihausi ine? Ngati mukufuna kundilipira, mudzatsegulire wina chitseko." Mlongo wanga anatola ndalamazo m'fumbi akulira, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalandirepo kanthu kwa munthu wogona pakhomo pake. Ngakhale ogula nandolo akachedwa amagona ulere.

Iwe ukuti ndi bizinesi, ndipo sukunama. Koma unawatuma kuti agulitse chinthu chimene iwo akubwezabe. Ndipo dzina la bambo ako usadzalitengenso kukhala chikwapu. Alembere.

Amalume ako,
Stafford

*

Kumudzi, 28 Juni 2003

Chikhulupiliro,

Moni. Tili bwino. Takolola.

A Rozaria sanabwere. Ndinazira nyumba, ndinathyola masamba, auma, ndathyolanso ena. Ndinawalembera kudzera kuchipatala kwawoko koma sanayankhe. Kodi akudwala? Kapena pali chimene ndinawalakwira? Ngati ukudziwa undiuze.

Mayeso ako ndikuwapempherera.

Zelifa

*

Blantyre, 8 Julaye 2003

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ndakhala ndikuyamba kalatayi n'kumaing'amba. Amalume andiuza za mai Alesi. Pepani, amayi. Ndinalankhula ngati mwana wopanda mwambo, ndipo mawu aja okhudza bambo ndikadatha ndikadawameza. Mundikhululukire.

Kubungwe ndinapita. Ndinawauza zoona zokhazokha, za mathithi, za bulangeti, za tambala yemwe. Anaseka, mayi wina mpaka anapukuta misozi, ndipo wapampando anati maganizowo ndi abwino kuposa onse amene anamva tsikulo. Kenako anafunsa malisiti. Mpamba wapita kwa mnyamata wina amene akutsegula malo oimbira telefoni ku Ndirande. Sindikumuchitira nsanje, iye anabwera ndi umboni wake.

Za mai Makina, sakudwala ndipo simunawalakwire. Ndinapita kukawaona, ndipo ndikulemba monga ananenera. Anati, "Mwanawe, dziwe lija ndimalilota. Anzanga muno akundivutitsa kuti ndiwatengereko, chifukwa anaona mmene ndinabwerera. Koma ndipite bwanji? Mayi wamasiye, chaka chotsatana ndi njala, atiphikire masiku onse aja, atipatse mpunga wake ndi tambala wake, ife olandira malipiro tingopukuta pakamwa? Kamodzi kaja kanakwana. Kubwereranso ndiye kuwadyera masuku pamutu. Kalata yawo ndili nayo, koma ndasowa poyambira."

Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Mwafunsa, ndayankha.

Mayeso ndamaliza. A ku Lilongwe akufuna yankho pakati pa Ogasiti, ndipo ndivomera. Ndikakhazikika ndizikutumizirani kangachepe mwezi ndi mwezi. Za tinyumba tija tiziiwale.

Mwana wanu,
Chikhu

*

Blantyre, 27 Julaye 2003

Okondedwa Amalume,

Moni. Ndikhulupirira kuzizira kwayamba kuchepa. Kalata iyi ndaponya papositi, za madalaivala ndasiya, chifukwa nkhani yake siyodikira.

Lachinayi lapitali ndikulongedza katundu, kunabwera uthenga woti ndithamangire kuchipatala kwa mai Makina. Ndimayesa kwagwa zovuta. Nditafika ndinapeza amayi atakhala pabenchi ya odwala, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndodo ili pambali. Amayi, amalume! Amene chibadwire changa sanadutsepo pa Limbe! Ananyamuka okha ndi bondo lawo lija, njinga mpaka pa Chiringa, kenako matola, kenako minibasi. Pachipata anangouza mlonda kuti akufuna a Rozaria, ngati kuti chipatala chonsecho ndi mudzi wa nyumba zisanu. Mlondayo anazungulira nawo mawodi mpaka anawapeza.

Ndinati, "Amayi, kwagwanji?" Iwo anati, "Iwe khala chete, sindinabwerere iwe."

Nthawi ya tiyi itakwana, mai Makina anatilowetsa m'kachipinda ka anamwino. Munali modzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mayi wa ku Phalombe uja wabwera. Anawapatsa mpando, anakana. Anaima pakati, n'kutambasula dzanja, nati, "A Rozaria, ndabwera kudzatenga envulopu yanga ija."

Ine ndinafuna kulowa pansi, osati chifukwa cha manyazi, koma chifukwa ndinadziwa chimene dzanjalo likulipira. Koma silinabwerere m'mbuyo, amalume.

Mai Makina anatsegula kabati yawo. Envulopu inali momwemo, yomata monga anabwerera nayo, chifukwa anzawo aja anakana kutenganso zawo. Anaiika m'dzanja la amayi, n'kugwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri. Amayi anaimanga pansonga ya chitenje osaitsegula, kenako anati, "Eya, ndalandira. Tsono njira ndi yotsegula. Mubwera liti? Masamba angomauma kwathu."

Pamenepo ndiye kunali kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amene anabwera pa Pasaka ankafotokozera anzawo za mathithi, ena akufunsa ngati kalongonda saphadi munthu. Namwino wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga tonsefe tikagona kuti?" Amayi anandiloza ine, nati, "Funsani mwini nzeruyu. Nyumba anazimanga kale m'mutu mwake, changosowa ndi mpamba."

Ndinafotokoza nditaimirira pafupi ndi ketulo, popanda pepala lililonse. Paja anamwinowa ali ndi chipereganyu chawo cha mwezi ndi mwezi. Tsiku lomwelo anagwirizana kuti cha Ogasiti ndi cha Seputembala chibwere kwa ife. Si ngongole ndipo si mphatso. Alipiriratu masiku awo opuma, ndipo aliyense adzabwera pa tchuthi chake kudzagona m'nyumba imene ndalama yake yamanga. Ndawerengera, zikwana tinyumba tiwiri, kachitatu kadzabwera pambuyo. Ndinafufuza mpamba kwa anthu a mataye miyezi yonseyi, osadziwa kuti uli m'kachipinda konunkha sipiriti.

Amayi anakana kugona m'tauni, akuti mbuzi zilibe wozitsekera. Pokwera minibasi ndinati ndiwathokoze. Iwo anangondikonza kolala, nati, "Waonda."

Ku Lilongwe ndalemba kale kuti apeze wina. Amalume, ndaphunzira zaka zinayi za kulandira alendo, koma mlongo wanuyu sindimufika.

Mwana wanu,
Chikhulupiliro

*

Kumudzi, 16 Ogasiti 2003

Chikhu mwana wanga,

Moni. Ndinafika bwino, ngakhale bondo linandilipiritsa ulendowo sabata yathunthu. Mmene mumakhalira m'phokoso limene lija sindikumvetsa. N'chifukwa chake mumadwala.

Kalata yako yopepesa ndinailandira, ndipo nkhani imeneyo inatha. Nanenso ndinalakwa posakuuza poyera kuti za ndalamazo sindingathe. Ndinkaopa kuti ukamva alendo sabwera.

Usaganize kuti zinali zophweka. M'matola pobwerera ndinalira, anthu n'kumayesa ndikuchokera kumaliro. Zaka zonsezi ndinkati ndikakana ndalama ndiye kuti ndatsegula chitseko. Sindinkadziwa kuti kukana komweko kungamutsekere munthu panja, munthu woti ndikumufuna. Zinandiwawa kuphunzira zimenezi ndili ndi imvi, koma bola ndaphunzira a Rozaria akadali moyo, inenso ndikadali moyo.

Tsono umve mmene ndakonzera, ndipo usatsutse. Tinyumba tako timangidwe tsidya lija la mtsinje. Kumeneko ndi kwako, azilipira, ndipo ndalama uzilandira wekha. Ine ndalandira kamodzi, kandikwana. Tsidya lino ndi kwanga. Wogogoda pano, kaya ndi wochedwa ku msika kaya ndi wothawa madzi, adzagona monga kale, ndipo iwe sudzanenapo kanthu.

Envulopu ija ndagulira nkhuni zootchera njerwa. Mai Dyson ndi amayi a m'mudzi muno aumba kale zambiri, udzu tamweta, ndipo a Davison amisiri abwera kawiri kudzafunsa kumene makomo aloze. Iwo akuti kumsewu, mai Dyson akuti kuphiri, atsala pang'ono kumenyana. Ndawauza kuti ine sindilamula, adikire mwini malo.

Bwera msanga, bwana. Wofukiza ndi wotikita mapazi wamupeza kale, ndine. Koma iwe si mlendo pakhomo pano, ndiye za malipiro anga tidzakambirana ukafika, ndipo usayembekeze kuti ndikutsitsira.

Amayi ako,
Zelifa